Nsapato za Fada Khirisimasi

Lolemba
Ndatsimikiza. Lisanafike Lamulungu, tsiku la Khirisimasi, Tadala adziwe kuti Fada Khirisimasi kulibe. Mwana wa zaka zisanu ndi chimodzi, mwana wa mphunzitsi! Chaka chatha ndinapalasa njinga kuchokera kuno ku Lungwena mpaka ku Boma kukamugulira diresi, zikomo n'kupita kwa munthu wa pa kanema. Zinandiwawa, sindinama. Nsapato za chaka chino ndabisa m'thumba la chimanga. Ndimupatsa ndekha, pamanja.

Lachiwiri
Ndikungoyamba nkhaniyo, mayi ake andiponda phazi. "Musiyeni mwana. Inu simunkakhulupirira kuti makanda amagulidwa kuchipatala?" Ndinkakhulupiradi, mpaka Sitandade 5.

Lachitatu
Ndikuyesa njira ya m'kalasi, mafunso:
unamuonapo?
amakhala mudzi uti?
matope onsewa amadutsa pati?
Wakhoza onse. Akuti ndi Che Yusufu, agogo osoka maukonde kudoko. Ndevu zoyera, chisoti chofiira, thumba panjinga.

Lachinayi
Ndikumuuza kuti Che Yusufu ndi Asilamu, sadya Khirisimasi. "Eya, n'chifukwa chake amapeza nthawi yogawa zinthu." Nzeru zimenezi akanamazionetsa pa masamu.

Lachisanu
Ndikuwadikira Che Yusufu potuluka mumzikiti, kuti akamuuze okha Tadala zoona. Akupisa m'thumba, akutulutsa pepala lopindidwa bwino. Phazi la Tadala lojambula ndi pensulo yanga yofiira, pansi pake walemba NSAPATO CHONDE. "Aphunzitsi, ana anga onse ali ku Joni. Palibe ananditumizirapo kalata. Ndiye ndikamukane mwanayu?" Ndangowafunsa za mitengo ya usipa.

Loweruka
M'thumba la chimanga muli chimanga chokhachokha. Mayi a Tadala akuchapa uku akuimba. "Zapita kwa eni ake ogawa." Ndiye kuti m'nyumba muno chipani changa ndili ndekha.

Lamulungu
Tangobwera kutchalitchi, belu la njinga ngiri ngiri. Che Yusufu, ndevu zopesa, mkanjo wosita. Tadala akugwada, akulandira nsapato zija ndi manja awiri. Zamukwana ndendende, poti ndinamuyeza ine ndi chingwe. Agogowo misozi ili lengelenge.

Atapita, Tadala akubwera n'kundisisita pamutu. "Adadi, musadandaule kuti inu mulibe chondipatsa. Ndimakukondanibe."

Basi. Lumo ndaliika patali. Ndevu zikule, mwina zidzayera msanga.