Mmene Ndinapukutira Bwato Mpaka Nkhondo Itatha

Inu apulofesolo, mwafika dzana lomweli kuchokera kwanu kunyanja ya mchere, mwamva anthu pamsika wa Tsangano akunditchula kuti Bentu Marinyeru, basi mwayamba kuseka. Akuti munthu wa kumapiri kuno, kumene madzi akuya kwambiri ndi a m'ndowa, angadziwe chiyani za bwato. Sekani, mano ndi anu. Koma khalani kaye pathumba la kachewerepo, shapa yanu, minibasi ija, sinyamuka isanadzaze, ndipo ndikanama ngakhale kamodzi kokha, mphezi ing'ambe thumba mwakhaliralo, inu ikusiyeni.

Inali nthawi ya nkhondo, misewu ili yotchera mabomba. Bwatolo linali la boma, linkapita ku Zambezi lili pa kamiyawu, chigalimoto chonyamula katundu, koma njira itatsekeka woyendetsa anakhotera kumtunda, kukhota, kukhotanso, mpaka kamiyawu anakafera ku Furancungo pakhomo pa kwartelu ya asilikali, ndipo analitsitsa n'kuligoneka pamatayala anayi. Sabata yomweyo ine ndinali komweko ndi kachewere wanga. Asilikali anazungulira msika, kugwira mwamuna aliyense wa miyendo iwiri, kutivula malaya kuti wothawa aoneke msanga, n'kutifoletsa kuti tikavale jombo. Mkulu wawo tinkamutcha Komandante Galasha, chifukwa nkhondo yonse ija sopo kunalibe, mchere kunalibe, koma iye galasha wopaka nsapato sanamusowepo tsiku ndi limodzi lomwe. Anayenda pamzere, jombo zikuthwanima, n'kufunsa kuti, "Ndani pano adziwa bwato?"

Ine dzanja linakwera lokha. Ndinamuuza kuti ndinabadwira m'bwato, mchombo wanga anadulira pankhafi, mkaka woyamba ndinayamwa kwa mvuu. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka ku zikang'a, n'kuti, "Bwato ili eni ake adzalitenga njira ikatseguka. Liwale ngati jombo zangazi. Ukalephera, chikoti. Likangowala, pronto, ubwerera pamzere ukavale zako."

Mukumva? Kulephera ndi chikoti, kutha ntchito ndi mfuti. Anzanga anawakweza tsiku lomwelo, ndipo ena a iwo sitinawaonenso.

Ndinalizungulira chinthucho katatu ndisanadziwe kuti kutsogolo ndi kuti. Linali loyera, mzere wobiriwira m'chiuno, koma thupi lonse linali mathothomathotho ngati nkhanga, mawanga a madzi amene anaumira padzuwa, ena pamwamba pa anzawo, agogo, ana ndi zidzukulu, ndipo m'mbali monse munali mikwingwirima yakuda ya jombo za asilikali amene ankakweramo kukadyera chimanga chootcha. Ndinatsuka ndi madzi, mawanga anangobisala, atauma n'kubwerera ndi abale awo. Ndinayesa mchenga pakona, utoto unalira kuti kwee, ndinabisa pamenepo ndi chipewa masiku awiri.

Tsiku lachitatu anafika mkazi wanga Nangondo, woumba mbiya wa ku Ntengo-Wambalame, atayenda wapansi mtunda wonsewo ndi nyemba pamutu, poti anamva kuti andigwira. Iye mpaka lero amauza anthu kuti nzeru zonse zinali zake. Musamumvere. Anangonena pang'ono kuti zoyera za madzi zimaopa chowawasa, kuti mchenga ndi wa pansi pa mphika osati pa chinthu chosalala, ndiponso kuti munthu wanzeru sapukuta padzuwa. Zotsalazo ndi ine.

Ndinamanga chisakasa cha udzu kuti bwato likhale pamthunzi. Kenako ndinapeza mtsuko wa vinyo wa mapichesi amene anasasa mwini wake atathawira ku Malawi, wowawasa moti nditangovundukula, mbuzi zonse za Furancungo zinatsinzina diso limodzi, belu la kutchalitchi linachita makwinya, ndipo msilikali wina amene ananunkhiza ali kutali anakhala mwezi wathunthu milomo ili ngati akufuna kuimba mluzu. Ndinaviika kansanza, kukanikiza pa banga, kuwerenga mpaka vinti, makumi awiri, kupukuta ndi madzi amvula, kuumitsa msanga ndi nsalu youma. Apulofesolo, mawanga ankadzuka okha! Ankatsetsereka m'mbali mwa bwato ali pamzere, kudumphira pansi n'kuthawira kutchire, ndipo nkhanga za ku Macanga zimene mumaziona zili ndi mawanga ochulukitsa zija, theka la mawangawo ndi anga.

Za jombo zija ndinazilowera ndi phulusa la zitsononkho, losefa pampango wa Nangondo kasanu ndi kawiri mpaka linafewa kuposa ufa woyera, kusakaniza ndi timafuta ta nsatsi, kupaka ndi chala chimodzi mozunguliza, pang'onopang'ono ngati ukusisita mwana wa mfumu, osakanikiza, chifukwa ukakanikiza wadya utoto. Mkwingwirima umodzi unali wamakani, wa jombo ya sajeni wina wonenepa, ndinalimbana nawo kuyambira m'mawa mpaka madzulo, ndipo utazuka unazuka wonse ngati njoka, ndinaukulunga n'kuupanga lamba, ndi uyu ndavalayu. Gwirani. Mwaona?

Pomaliza phula. Njuchi za m'phanga la kuseri kwa kwartelu zitamva kuti phula lake n'la bwato la boma zinabweretsa zokha, iliyonse kachidutswa kukhwapa, ine kungosungunula, kupaka mopyapyala, kudikira lichite mbuu, n'kukhula ndi kapulana yakale ya Nangondo, chitenje chake chija, monga iye amakhulira mbiya. Apa ndiye ndinalakwitsa. Dzanja linakoma. Ndinaiwala nkhondo, ndinaiwala mzere, ndinangoona mbali yakumanja ikutseguka ngati kumwamba, ndipo ndinakhula, ndinakhula, mpaka ntchentche imene inatera pamenepo inaterereka n'kuthyoka mwendo, tambala wa Komandante anamenyana ndi chithunzi chake masiku atatu n'kugonja, amayi anabwera ndi ndowa kudzatunga poyesa kuti patuluka kasupe, abakha ochokera kutali anatera pamenepo n'kutsetsereka mpaka kumsika, ndipo mphepo itasasula udzu wa chisakasa, dzuwa linagunda pabwato n'kudumpha mapiri onse kudzapsetsa mapichesi kuno ku Tsangano mwezi wake usanakwane, kachewere wa apongozi anga n'kupsera m'nthaka momwemo, ankangofukula n'kuthira mchere. Mchere kunalibe, inde, ndanena ndine, koma ankathira. Ngakhale a m'tchire, amene ankamenyana ndi boma, atabwera m'mawa wina kuti alande kwartelu, anadziona m'bwatomo ali chikhamu, mfuti zitawaloza, anathawa osawombera ndi kamodzi komwe, wina anasiya ndi nsapato.

Komandante Galasha anabwera, anayang'ana, anaona nkhope yake, anaona nkhongo yake, anaonanso dzino limene anazula ali mwana, n'kudziperekera sawasha yekha. Kenako anati, "Wagwira ntchito, Marinyeru. Mbali inayo ithe Loweruka. Jombo zako ndakusungira."

Nangondo anakhala pansi n'kugwira m'mutu. "Bambo ake, mwadzikumbira dzenje ndi kapulana yanga," anatero. "Mimba iyi ndilera ndi bwato?" Pajatu anali ndi pakati pa Zuze, yemwe uja akukweza matumba pa shapa yanuyo.

Ndinaganiza mpaka mutu unatuluka utsi, n'kupita kwa Komandante ndi nkhope ya maliro. Ndinamuuza kuti bwato ndi nsomba, likakhala osamwa limang'aluka, ndipo ili lakhala miyezi lili pamtunda, ndalimva likutsokomola. Mankhwala ake, ndinatero, ndi kulimwetsa tsiku lililonse pa meyu-diya, dzuwa lili paliwombo, chisakasa chitachotsedwa, madzi ake a pachitsime cha kwartelu, aja olemera osiya zoyera m'poto, ndipo osapukuta, liziumira lokha kuti limwe bwino. M'katimonso muzilowa anthu ojintcha, azidumpha, kuti lisaiwale mafunde.

Analamula tsiku lomwelo. Mukumva, apulofesolo? Tsiku lililonse dzuwa likafika pamutu, lipenga, asilikali pamzere ndi ndowa, kukhuthula, kukwera ndi jombo zawo, kudumpha akuimba, Komandante ataimirira potero akuwerenga um, doyishi, um, doyishi, ndipo pofika masana bwato lili mathothomathotho, mikwingwirima mpaka m'khosi, ine n'kubwera ndi kansanza kanga ndikupukusa mutu kuti ha, ntchito yaboma. Ndikayeretsa kumanja, kumanzere kwada. Ndikafika kumanzere, kumanja kwabala. Loweruka lija linadutsa, linadutsanso lina, mvula inagwa n'kusiya, Zuze anabadwa, anamera mano, anayamba kutukwana, ine ndikadali pa banga lomwe lija. Vinyo ndinamaliza mitsuko yosawerengeka, njuchi zinayamba kundibisalira, zala zanga zinasalala moti mpaka lero akafuna chidindo cha chala ku ofesi amangopeza pepala lili mbee.

Tsiku limene tinamva kuti nkhondo yatha, ndinaletsa ndowa, ndinamanganso chisakasa, ndipo bwato lonse, mbali zonse ziwiri, ndinalimaliza tisanadye nkhomaliro. Komandante anabwera atavala patapata, koyamba kumuona zala zakumapazi. Ndinati lero ndiulule, chikoti chilibenso mwini. Ndisanatsegule pakamwa anandigwira paphewa.

"Bentu," anatero, "ine ndinabadwira ku Zambezi, bambo anga anali msodzi. Bwato silimwa madzi. Ndinakudziwa tsiku loyamba lomwe, pamene unkapukuta chiwongolero n'kumachitcha mchira."

Ndinati, "Nanga ndowa zija, Komandante?"

"Akuluakulu akandiitana kuti nditengere anyamata anga kumene kwavuta, ndinkayankha kuti sitingachoke, tikulondera bwato la boma, ndipo likadali m'manja mwa katswiri. Ukanalimaliza Loweruka lija, tonsefe tikanapita."

Ndiye onani, ine ndinkayesa kuti ndabisala kuseri kwa bwato ndekha, osadziwa kuti tinalipo gulu lonse, ndi Komandante yemwe, ndi tambala wake.

Bwatolo analitenga. Akuti atangoliika pa Zambezi linaterereka osayatsa injini, ng'ona zikugwa chagada poyesa kuliluma, ndipo mpaka lero silinaime. Ine sindinaperekeze. Mwafunsa chifukwa? Shapa yanu yadzaza, kwerani. Chabwino, sendezani khutu, Zuze asamve. Ine Bentu Marinyeru, amene ndinasunga bwato la boma nkhondo yonse, bwato loyandama pamadzi sindinalionepo ndi maso angawa, ndipo pamlatho ndimawoloka nditatsinzina, Nangondo atandigwira dzanja. Koma mukafika kwanu kunyanjako, mufunse amalinyeru anu onsewo ngati alipo amene anapulumutsa anthu ochuluka chonchi bwato lake lili pamatayala.