Keke ya Chigiriki ndi Mawondo Anga

Lolemba

Wophika wa pano wapita kwawo ku Manila kukakwatiwa. Sabweranso. M'khitchini eyakoni ikungoziziritsa mapoto.

Ine zaka zisanu m'gadeni ya nyumba ino ya ku Al Messila, mu mzinda wa Doha, dzuwa likundiwotcha ngati chimanga cha pamsewu, mawondo akulira ngati chitseko cha chimbudzi. Ndikulowa kwa Madamu. Ndikuwauza kuti ndinali khukhi wa mzungu wa tiyi ku Thyolo. Si bodza kwenikweni. Ndinkasonkha moto, khukhiyo ali chapafupi.

Madamu ndi Mgiriki. Akuti amayi awo afika Loweruka, ndipo Lamulungu pafunika keke yakwawo, dzina lake kalidopita. "Amayi akaidya n'kukondwa, khitchini ndi yanu, bambo. Apo ayi, ndiitanitsa wina."

Akundiwerengera kaphikidwe kake, akufuna kundipatsa pepala. Ndikukana. Ine wosunga nthano za mudzi wonse m'mutu, nyimbo za maliro ndi za ukwati zomwe, keke indikanike? Buku langa ndi makutu.

Lachiwiri

Zimene makutu agwira:
- mazira asanu ndi limodzi
- shuga, batala
- sinamoni, khungwa la mtengo lenileni
- mtedza wachizungu, wolonati. Ukauswa, ubongo wa mbewa ndendende
- buledi wouma wosinja
- ufa ayi

Ufa ayi! Anthu olemera chonchi, keke ya nyenyeswa? Madamu aiwala basi, ndipo kukonza wamkulu pamaso si ulemu. Ndikuthiramo makapu atatu mwakachetechete.

Yatuluka njerwa. A Tembo, dalaivala wa pano, kwawo ku Chipata, akuigogoda ndi kiyi wa galimoto. "Achimwene, muwumbe zina makumi awiri, tiyambe maziko."

Lachitatu

Ufa ndausiya. Ndipo taonani, yatuluka yofiirira bwino, fungo mpaka kugeti. Ndikuiyang'ana ngati mwana wachisamba.

Ndiye nkhani ikuyambira apa. Akuti uwiritse madzi, shuga ndi khungu la lalanje mpaka zisanduke manyuchi, poto wathunthu, ukhuthulire pa keke. Pa keke yopsa kale! Kwathu chigumu chikadontheredwa ndi denga timaponyera nkhuku. Dzanja likukana. Ndikuviika supuni n'kuwaza monga achitira ansembe ndi madzi odalitsa. Dontho kum'mawa, dontho kumadzulo, ameni.

Madamu akulawa, akutsokomola, akumwa madzi. "Manyuchi onse, bambo. Izimira."

Lachinayi

Chabwino, lero imire, iwone yokha.

Pali lamulo lina la kutentha limene Madamu ananena Lolemba lija, koma nthawi imeneyo mtima unali pa eyakoni. Kufunsanso ayi, khukhi wa ku Thyolo safunsa. Ndikulingalira ndekha: chotentha chimamvana ndi chotentha chinzake. Keke kuchoka mu uvuni, manyuchi kuchoka pamoto, khuthu!

Phala. Phala lokoma, koma phala. A Tembo akulidya ndi supuni, akufunsa ngati pali mkaka.

Wolonati watsala wodzaza dzanja limodzi. Amene amutha:
- keke zitatu
- a Tembo
- munthu wina amene amalawa pa chifukwa cha ntchito

Madamu: "Keke yotentha, manyuchi ozizira. Mwatsala ndi mpata umodzi. Khalasi." Kuno akati khalasi, nkhani yatha, usawonjezepo.

Lachisanu

Kuno ndi tsiku lopuma, lomwenso ndi la mapemphero. Basi yopita ku tchalitchi ku Abu Hamour yadzaza a kwathu. Titatuluka m'tchalitchi ndikungoti ndifotokozeko pang'ono, koma pakamwa panga ndi ngolo yopanda mabuleki. Pofika pa keke yachitatu ndine shefu kale. Alonda akundigwira chanza. Ndikulandira, nditani nanga.

Malangizo a mpingo:
- mlonda wa ku Dedza: sala kudya
- a Banda a ku hotela: gula yopsa kale, uike m'mbale ya Madamu
- mayi wa ku Lusaka: mtedza ndi mtedza, sinja wathu womwewu

Mayiyu ali ndi mutu. Ndikubwerera ndi thumba la mtedza. Akuti ndi wa ku India, koma nkhope yake ndi ya ku Mchinji.

Loweruka

Amayi a Madamu afika. Aafupi, zovala zakuda, mphuno patsogolo. Akununkhiza makatani, mapoto, ine ndemwe.

Ndikuphika m'mawa. Nsinjiro m'kati, wolonati wotsala pamwamba kuti aziyankha mafunso. Keke yotentha, manyuchi ozizira, ndikutsinzina n'kukhuthula onse. Ikulira tsss ngati khasu la kwa wosula. Madamu akuti, "Musaikhudze mpaka mawa, imwe yokha." A Tembo akuwatenga onse awiri kukaona mzinda.

Ola limodzi. Ikusambirabe.

Maola awiri. Mtima sukupirira. Mlendo wobwera pa ndege ndim'patse chakudya chonyowa, ine mwana wa amayi anga? Kwathu chonyowa timayanika: mphale, makaka, mfutso. Ndikutsanula manyuchi oyandama, ndikuika keke pa khoma kuseri kwa thanki. Mphindi khumi zokha.

Ndiye mlonda wa nyumba yoyandikana, Mmalawi mnzanga, akusuzumira pa mpanda. "Madala, ng'ona ya ku Chikwawa ija inathera pati?" Nkhani imeneyi ilibe njira yachidule. Pali bwato, pali apongozi, pali nyimbo ziwiri.

Pobwerera, dzuwa la Doha lagwira ntchito yake. Pamwamba pakuwala ngati tala watsopano. Mphepo yawazapo mchenga. Nyerere zabwera mudzi wonse, ndipo zafera pomwepo zili chiimire.

Ndikupala ndi mpeni. Ndikuvundikira ndi mbale. Mbale siinena kanthu.

Lamulungu

Nthawi ya tiyi. Mpeni wa Madamu ukulowa ngati ukupempha chilolezo. Ine ndaima pakhomo, manja kumbuyo.

Amayi aja akutafuna. Mchenga ukumveka mpaka pamene ndaima. Akuchotsa kanthu pa lilime, akukayang'ana, akukagoneka m'mbali mwa mbale mwaulemu. Akunena liwu limodzi lokha. Madamu sakumasulira.

Kenaka akudzuka, akutuluka panja. Akukhalitsa m'gadeni. Akufinya tsamba la ndimu, akununkhiza, akuthyola tomato n'kudya pomwepo madzi akuchucha pa chibwano. Pobwerera akundigwira manja onse awiri, akuyankhula nthawi yaitali, misozi ili lengelenge.

Izi ndiye Madamu akumasulira, liwu ndi liwu. Akuti tomato wotere ngakhale kumudzi kwawo kulibe. Akuti manja awa Mulungu anawalengera dothi. Akuti kumuchotsa munthu uyu m'gadeni, ngakhale tsiku limodzi, ndi tchimo.

Chibadwire sindinatamandidwepo chonchi.

Wophika watsopano afika Lachinayi. Ine Madamu akuti andigulira chipewa chachikulu. Ndathokoza ndi manja awiri.