Mimba Yanga ndi Njovu ya ku Nsefu

Mukafika ku Nsefu n'kufunsa za mphunzitsi amene anathamangitsa mudzi wonse m'mamawa, musavutike kufufuza. Ndine ndemwe. Nkhaniyi anthu aithira mchere wambiri (ena akuti ndinalira, limenelo ndi bodza), choncho ndi bwino muimve kwa mwini wake.

Pa malonjezo a chaka chatsopano ine ndine katswiri. Chaka china ndinalumbira kusiya shuga, ndipo ndinasiyadi masiku anayi athunthu. Chaka china ndinagula gitala, lero akazi anga amayanikapo masokosi. Koma chaka chino zinali zina. Anamwino a pakiliniki yathu atandimanga pamkono lamba woyezera kuthamanga kwa magazi, anayang'ana makina, n'kuyang'ana ine, n'kuyang'ananso makina.

"Aticha, bipi yanu yakwera kwambiri," anatero. "Mimba iyi muichepetse. Muziyenda, muzithamanga."

Ndinaseka nawo, koma potuluka chiseko chinatha. Bambo anga anagwa ndi matenda omwewa ali ndi zaka zimene ndili nazo inezi, ndipo sanadzukenso. Mwana wathu Tiyamike ali giredi folo chabe. Ndinachita mantha, sindibisa.

Nditalingalira chimene chimapha malonjezo anga, ndinapeza kuti ndi pakamwa. Ndimalengeza kwa aliyense, anthu n'kundiyamikira, ine n'kukhuta kuyamikiridwako ntchito ndisanaiyambe. Ulendo uno ndinati ndisoka mlomo. Sindinauze munthu, ngakhale amake Tiyamike. (Nzeru imeneyi ndinaiganiza ndekha, ndipo ndinadzitama nayo kwambiri.)

Januwale ndi Febuluwale ndinkathamanga mozungulira bwalo la mpira kuseri kwa makalasi, kumene kunalibe wondiona. Kunyumba ankadziwa kuti ndimalawirira kukachonga makope a ana. Thukuta sankalidabwa, pakuti kuchigwa kuno munthu amatuluka thukuta ngakhale atangokhala pamthunzi. Pofika Malichi bwalo lija linandikwana, ulesi unayamba kundinong'oneza. Kuti ndisagwe mphwayi, ndinaganiza zosintha njira n'kutsata kamsewu kodutsa m'minda.

Muyenera kudziwa kuti ine kwathu ndi ku Chipata, kumene munthu akamathamanga m'mawa palibe amene amacheuka. Kuno munthu wamkulu sathamanga popanda chomuthamangitsa. Komanso Malichi ndi nthawi imene chimanga chimakhwima, njovu zimalowa m'minda, ndipo alimi amamanga nsanja zolondererapo. Zonsezi ndinkazidziwa bwinobwino. Kungoti sindinaone pamene zikukumana ndi mimba yanga.

Cha m'ma sikisi koloko ndinanyamuka, kabudula ndi nsapato zanga. Nditadutsa munda wa a Sakala, mlimi wamkulu wa m'mudzi mwathu, mpweya unayamba kuperewera. Maso anatong'oka, kukamwa yasaa, ndipo ndinkacheukacheuka kuti ndione mtunda umene ndadutsa. Kutsogolo kunkabwera amai Zulu, amene amagulitsa vitumbuwa pasukulu, ndowa ya madzi ili pamutu.

"Mwauka bwanji, aticha?"

Ndinafuna kuyankha koma mawu anakana. Ndinangoponya dzanja kumbuyo, kutanthauza kuti tilankhulana pobwerera. Ndowa ija inagwa pansi, khu! Iwo n'kutembenuka, liwiro la kumudzi akukuwa.

"Nzovu! Nzovu kwa a Sakala!" (Kuno njovu amati nzovu.)

Tsono manyazi anga enieni ali apa. Nditamva mfuuwo, sindinaganize n'komwe kuti mwini nkhani ndine. Ndinati, mayo ine, njovu ili kumbuyo kwanga! Kutopa konse kunathera pomwepo. Ndinawapitirira amai Zulu ngati aima, ndipo ndivomere kuti sindinacheuke kuona ngati akutsatira. Ndinalowa m'mudzi ndikukuwa kuposa iwo.

Mudzi unadzuka. Azimayi anayamba kumenya mapoto ndi zitini, agalu kuuwa, mbuzi kumwazika. Abambo anayatsa njerwa zija amaumba ndi ndowe ndi tsabola, zimene utsi wake umathamangitsa njovu. Tsoka ilo, mphepo inkaomba molunjika kwa ife. Mudzi wonse unayamba kutsokomola ndi kutuluka misozi (misozi imene amanena ija ndi imeneyi, inali ya tsabola). Ine ndinakwera pansanja ya m'munda wapafupi. Nsanjayo inamangidwira anthu a thupi lachikatikati, choncho inandipirira pang'ono, kenako tinatsikira limodzi.

Patapita kanthawi a Sakala anabwerako kumunda kwawo panjinga, atakwinya nkhope.

"Kulibe phazi, kulibe ndowe, chimanga chili bwinobwino. Waiona ndani nzovuyo?"

Uyu analoza uyo, uyo analoza uja, mpaka chala chinafika pa amai Zulu.

"Ine ndaona aticha akuthawa, akuloza kumbuyo," anatero.

Maso onse anatembenukira kwa ine.

"Aticha, inali imodzi kapena zambiri?" anafunsa a Sakala.

"Ine ndamva kwa amai Zulu."

"Aa, iyayi!" anatero amai Zulu, manja m'chiuno. "Nanga musanamve kwa ine, munali kuthawa chiyani?"

Ndinayang'ana uku ndi uku, pothawira panalibe. "Sindimathawa ayi. Ndimachepetsa mimba. Anesi anati bipi yanga yakwera."

Apa ndi apo anthu ankatsokomolabe. Kenako mayi wina anaphulika kuseka, ndipo chiseko chinayenda mudzi wonse. A Sakala okha sanaseke.

"Mwatidyetsa tsabola tonsefe chifukwa cha mimba? Munthu wophunzira, kulephera kungonena? Mukanati mukufuna thukuta, khasu ndili nalo."

Zonsezi zinali zopiririka. Chimene chinandilasa chinali kunyumba. Amake Tiyamike anali atamva kale, ndipo za njovu analibe nazo ntchito.

"Atate ake Tiyamike, mudzi wonse wadziwa za bipi yanu ine ndisanadziwe? Mumafuna ndidzamve mutagwa ngati apongozi anga?"

Ndinapepesa, ndipo mumtima ndinatsimikiza kuti zothamanga zathera pamenepo. Ndikanadutsanso bwanji m'mudzi muja? Koma m'mawa mwake nsapato zinanditera pamimba ndili chigonere.

"Dzukani," anatero amake Tiyamike. "Manyazi sanaphepo munthu. Bipi ndiyo imapha."

Panja ndinapeza uthenga wa a Sakala: ndizithamanga mmene ndingafunire, koma podutsa pakhomo lililonse ndizinena kuti kuli bwino. Choncho kuyambira tsiku limenelo ndimathamanga ndikulengeza, "Kulibe nzovu! Ndi mimba chabe!" Anthu amayankha, "Limbikirani, aticha!" Ndikajomba tsiku limodzi, amai Zulu amandifunsa pamaso pa aphunzitsi anzanga ngati ndadwala, ndipo vitumbuwa anasiya kundigulitsa. Ulesi ulibenso pobisala.

Mwezi wa Julaye, ndikukhota pakamtsinje kouma, ndinakumana nayo yeniyeni. Inaima pakati pa njira, makutu tambasu, ikundiyang'ana. Mmene ndinatembenukira sindikukumbuka. Ndinalowa m'mudzi ngati mphepo.

"Nzovu! Nzovu! Lero n'zoona!"

"Limbikirani, aticha!"

"Ndikuti yeniyeni!"

Amai Zulu anawomba m'manja. "Lero ndiye mwathamanga bwino!"

A Sakala atapita kukaona, anapeza mapazi akedi, koma akuti njovuyo inangokhotera kwina osanditsata n'komwe. Zimenezo ndi zawo. Chimene ndikudziwa ine n'chakuti mtunda wonsewo ndinaudula osaima, pamene mu Januwale ndikanakhala pansi n'kuyamba kulapa machimo.

Sabata yatha anamwino aja anandimanganso lamba pamkono. Makina anawayang'ana kamodzi kokha, n'kunena kuti ndipitirize chimene ndikuchita. Ulendo uno sindinasoke mlomo. Ndinapita molunjika kunyumba kukauza amake Tiyamike, iwo n'kungoti, "Chabwino. Nsapato zanu zili pakhomo."

Januwale akubwerayu sindilonjeza kanthu. Mudzi wonse unalonjeza kale m'malo mwanga, ndipo mawa sikisi koloko ukundidikira.