Uta wa Che Saidi ndi Buluku la Bambo

Lolemba

A Gositino, amuna a achemwali anga Aginesi. Dzina lawo liyambe ndilo, pamwamba penipeni.

Asinthanitsa uta wa malemu bambo ndi beseni la madeya. Madeya! Ndipo madeyawo pakhomo pano sanapondepo. Apita nawo ku Nkaya, kumene tangomva lero kuti ali ndi mkazi wina. Masiku onsewa ife tikuti munthu ali kuganyu.

Achemwali akungolira, mwana ali kubere lopanda kanthu. Amayi akuti nditseke pakamwa, chaka chino njala yapengetsa ndi anthu abwino omwe. Ine ndikuti a Gositino sanadikire njala.

Vuto ndi ili. Munda wathu uli m'tsinde mwa phiri. Mizere makumi anayi, chimanga chabereka, ndevu zayamba kuda. Masabata atatu okha kuti tiyambe kudya mondokwa. Anyani nawo akuwerenga masiku omwewo. Amene ankalondera ndi a Gositino, ndi uta uja. Sanalasepo ngakhale buluzi, koma anyani akawaona ankabwerera.

Lero talondera amayi ndi ine. Takuwa, tamenya chitini, tagenda. Nyani wamkulu, wa imvi m'khosi, akutiyang'ana ngati alendo m'mundamo ndife. Akuyenda pang'onopang'ono pakati pa mizere, kuyang'ana uku ndi uku, ndendende ahedi athu tsiku la mayeso. Ndamutcha Ahedi. Mizere iwiri yapita.

Ndagamula: ndipeza uta wangawanga. Ndinafika Fomu 4 ine. Uta ndi chiyani? Ndodo ndi chingwe.

Uta wake ukhale:
wopepuka, poti m'mimba muli nkhwani yekha
woponya patali, mano aja ndisawayandikire
wooneka bwino, anyani aziuona ali pamwala

Zosinthanitsa ndili nazo: ambulera, nsapato zakusukulu, dikishonale.

Lachiwiri

Ku Liwonde, wapansi. Mphamvu zatha ndisanafike ndi pamphambano pomwe.

Kwa ogulitsa ziboliboli m'mbali mwa msewu. Uta ulipo! Wakuda bii, wosemedwa njovu kumapeto konse kuwiri, mikanda yofiira pogwirira, mivi itatu ya nthenga za nkhanga. Mtima ukuti ndi womwewu. Wogulitsa, bambo wa chipewa cha mlaza, akuti azungu amaulimbirana.

Ndaugwira. Ndaima ngati munthu wodziwa. Ndakoka.

Thyo!

Theka dzanja ili, theka likulendewera pachingwe. M'manja mwanga mwada polishi wa nsapato. Mkati mwake mtengo woyera, wofewa ngati phesi.

"Chemwali, uwu ngopachika pakhoma. Amakoka ndani?"

Ndamufunsa ngati amagulitsanso mipando yosakhalira. Sakuseka. Anzake andizungulira. Ambulera yatsala komweko, ndipo mvula, imene yakhala ikudikira mphindi imeneyi, yayamba nditangofika pamlatho.

Ndabisala limodzi ndi amayi ena ogulitsa nyika, mizu ya maluwa a m'madzi yokumba m'mphepete mwa Shire. Ndawafotokozera. Aseka mpaka kutsokomola. Kenako mmodzi akuti ndioloke mtsinje, kwa Nsamala kuli Che Saidi, mlenje wakale, mauta enieni ali nawo padenga.

Kunyumba: mizere itatu. Amayi akuti anyani lero abwera ndi ana awo omwe.

Lachitatu

Kwa Che Saidi. Kutali! Aliyense womufunsa njira akuti ndi pompano.

Ndawapeza agona pamkeka pakhonde, nthiti zikuwerengeka. Akufunsa kuti wandituma ndi mwamuna wanga kapena mchimwene wanga. Ndati ndadzituma ndekha. Alowa m'nyumba, atuluka ndi kabango kopindika ka waya, mkangala umene malemu akazi awo ankaimba. Akuti uta wa amayi ndi umenewo, ndikawaimbire anyani mwina akavina n'kuiwala chimanga.

Zimene ndawayankha sindilemba, ndi munthu wamkulu. Koma zawasangalatsa. Akuti pakamwa ngati apa anapamva komaliza kwa apongozi awo. Atsitsa mauta atatu, akuda ndi utsi.

Maphunziro a lero, oposa a Fomu 4:
mtengo wake ndi tenza, wodula chilimwe, wouma chaka chathunthu padenga
ukauimika pansi ufike pachibwano
uta sasankha ndi maso, amasankha ndi phewa
m'dzinja sasaka, udzu umatalika, chingwe chimafewa ndi chinyezi

Ndiye ine ndikufuna uta mu Febuluwale.

Woyamba ukundipitirira mutu. Ndauponda ndi bondo, sukugwedera n'komwe. Wachiwiri wafumbwa, ukutuluka ufa. Wachitatu ndi waufupi, anaphunzirira mwana wawo ali wamng'ono. Ukufika pachibwano changa ndendende. Wokhota, wonyansa, wopanda njovu ngakhale imodzi. Ndi womwewu.

Koma onse atatu alibe chingwe. Ndafunsa.

"Nsinga zake zinali za chikopa cha mbawala, mwanangu. Tinaotcha mwezi watha."

"Zonse zitatu?"

"Wallahi, zonse zitatu. Yachitatuyo inali yonona."

Ndangoti kukamwa yasa. Iwo akunyambita milomo pokumbukira.

Nsapato zakusukulu zatsala kwa mdzukulu wawo wamkazi. Ndabwerera chosavala, ndodo yokhota paphewa, anthu m'njira kumandifunsa ngati nkhuni zasowa chotere kwathu.

Mizere inayi.

Lachinayi

Tsiku la chingwe ndi mivi.

Chingwe: linya la m'tayala lakale, kwa bambo wosoka nsapato pamsika. Ndamupatsa dikishonale. Waitsegula, wagwiragwira pepala, wakondwa. Ndimati munthu wokonda kuwerenga. Akuti iyayi, pepala lake ndi lopyapyala, labwino kupichirira fodya wa chingambwe. Wang'amba tsamba loyamba la A ine ndikuona. Zaka zinayi ndikuisamala ngati mwana!

Mipaliro, nsonga za mivi: misomali iwiri ikuluikulu, ndazula pachitseko cha khola la mbuzi. Mbuzi tinadya kale, chitseko chikutsekera chiyani? Che Saidi anati msomali uike panjanji, sitima iuphwatalalitsa bwino kuposa wosula aliyense. Sananene kuti sitima imabwera ikafuna.

Ndakhala pambali pa njanji kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Mayi wina wodutsa wandigwira dzanja, akuti mwana wanga usachite zimenezo, njala imatha. Ndamuonetsa misomali. Wachoka akupukusa mutu, zikuoneka kuti izi zamudetsa nkhawa kuposa zoyambazo.

Sitima yakatundu yafika. Msomali umodzi wathamanga, walowa m'udzu, sindikuuonanso. Winawo waphwatalala bwinobwino ngati tsamba la nsungwi.

Choncho muvi ndi umodzi. Umodzi!

Bango: kudambo, laulere.
Nthenga: m'mudzi monse muno mulibe nkhuku. Ndatola za khwangwala kudzala.

Lero analondera achemwali, mwana kumbuyo. Akuti Ahedi anawayandikira mpaka kumva fungo, n'kuwalanda chitini chomenya chija. Achemwali anathawa. Chitini chili kuphiri.

Mizere isanu. Amayi akungosadzula nkhwani. Bola akanandikalipira.

Lachisanu

Kuphunzira kulasa, kuseri kwa nyumba. Cholasa: thunthu la nthochi limene tinakumba mizu yake n'kudya sabata yatha.

Kuponya koyamba: muvi wagwera pachala changa chakuphazi.
Kwachiwiri: linya landikwapula mkono, watupa kuyambira pachigongono.
Kwachitatu: wauluka! Wauluka ndithu, mokongola, kumanzere, n'kukalowa mumtsuko wa madzi akumwa. Mtsuko ndi umodzi womwewo pakhomo pano. Unali.
Kwachinayi: palibe. M'maso mwada, ndapezeka ndakhala pansi. Uta umafuna munthu wodya.

Amayi atola mapale onse mmodzimmodzi, awaunjika pambali, akhala pafupi nane. Akulankhula mofatsa, ngati akufotokozera mwana wa sitandade wani.

"Nyani saopa uta, iwe. Amaopa mwamuna. Bambo ako ankalondera ndi uta wopanda muvi zaka zonse zija."

"Ndiye bwanji osanena Lolemba, amayi?"

"Unandipatsa mpata?"

Ambulera. Nsapato. Dikishonale. Mtsuko. Ndi mizere ina itatu ya lero, poti tonse tinali pano kuonerera ine.

Ndawauza kuti nyani alibe satifiketi yodziwira mwamuna ndi mkazi, amangoona chovala. Amayi andiyang'ana, alowa kuchipinda, atsegula sutukesi imene sinatsegulidwe chichitikireni maliro. Buluku la bambo, jekete, chipewa. Azigwira kanthawi asanandipatse.

Malamulo awo ndi awiri. Ndichoke anthu asanadzuke, asandione m'buluku. Ndipo ndikafika kumunda, pakamwa ndisatsegule.

Lachiwirilo alibwereza katatu. Ngati ine ndimalongolola.

Loweruka

Buluku lilowa anthu awiri a msinkhu wanga. Ndalimanga ndi luzi m'chiuno. Jekete likununkha bambo, fodya ndi sopo. Ndaima pachulu cha m'munda, miyendo tang'a, uta m'manja, chipewa chotsitsa.

Dzuwa likutuluka. Anyani akutsika. Afika pamwala waukulu. Aima!

Aima ndithu! Ahedi akhala pansi, akundiyang'ana, akudzikanda pamimba. Ana akufuna kutsika, amayi awo akuwakoka michira. Ola limodzi, awiri, atatu. Phesi ngakhale limodzi silinagwedezeke. Ndikufuna kulira ndi chimwemwe koma amuna salira pachulu.

Kenako m'kanjira mukudutsa mai a Esinati, oyandikana nawo nyumba, khasu paphewa, akuchokera kokumba mizu. Agwada pang'ono, akuti odi bambo. Ine duu. Ayandikira. Ayang'ana mapazi anga. Ayang'ana pansi pa chipewa.

Aseka mpaka khasu kugwa. Akuti tsopano amvetsa chifukwa chake sindikwatiwa, mwamuna ndamupeza mwa ine ndemwe. Akuti sukulu yonse ija bambo anavutikira inali yoti ndidzawavalire buluku.

Ndayesetsa. Mulungu ndi mboni, ndaluma mlomo mpaka magazi. Koma atchula bambo.

Ndawauza za mwana wawo Esinati ndi maukwati ake atatu, umodziumodzi, ndi zifukwa zake. Ndawauza za nkhuku yathu imene inalowa kwawo mu Novembala osatulukanso. Mawu anga onse, okwera, mpaka phiri kumabweza.

Potembenuka, Ahedi aimirira. Akupendeketsa mutu. Akutsika pamwala mosafulumira, ndipo gulu lonse lili pambuyo.

Ndakoka uta ndi mphamvu zonse zotsala. Muvi wapita mapazi khumi, wagona m'mzere. Kanyani kena kautola, kaununkhiza, kapita nawo. Ahedi adutsa pafupi ndi chulu, pafupi moti ndikanawakhudza, osandiyang'ana n'komwe. Chimanga china kukamwa, china kukhwapa.

Mizere isanu ndi umodzi. Mai a Esinati athawa osatola khasu.

Madzulo ndafika pakhomo, ndisanavule n'komwe, pakhonde pakhala munthu. A Gositino! Mapazi otupa ngati mawungu, khosi ngati la nkhuku yonyowa. Madeya atatha, mkazi wa ku Nkaya wawaonetsa njira. Achemwali awapatsa kale madzi osamba. Madzi otunga ndi ndowa yobwereka, chifukwa cha ine, ndikudziwa.

Andiyang'ana kuyambira kuchipewa mpaka kuluzi.

"Mlamu, bulukutu lakukhalani."

Ndatsegula pakamwa. Amayi angondiyang'ana. Ndatseka. Pakamwapa pandilakwitsa kale lero, kachiwiri ayi.

Lamlungu

A Gositino ali kumunda. Kuima sangathe, achemwali achita kuwagwiriziza mpaka pachulu. Akhala pamenepo ngati thumba lonyowa, akuodzera, ntchentche zikuwatera pamilomo. Pamiyendo pawo agoneka uta. Uta wanga. Wopanda muvi.

Anyani ali pamwala chiyambire m'mawa. Sanatsike. Ngakhale mmodzi. Ahedi akungoyasamula, kuyang'ana kumbali ngati munthu wodikira basi.

Munthu woti mphepo ikhoza kumugwetsa! Woti kanyani kakang'ono kakhoza kumulanda malaya! Ndaima kumapeto kwa munda ndikuonerera, ndipo sindikudziwa kuti ndikwiyire ndani pakati pa iwo ndi anyaniwo.

Yatsala mizere khumi ndi isanu ndi iwiri. Amayi akuti ikapulumuka imeneyi mwana wa achemwali aona Epulo. Ikapita, sanamalize chiganizo.

Choncho nyika za anthu atatu tikugawa panayi. Gawo lawo ndi lalikulu pang'ono, akuti mlonda asakomoke. Latapidwa pambale yanga ndi ya amayi, poti achemwali akuyamwitsa. Ndipo poti amayi apita kutchalitchi, wokapereka ndine.

Ndaika mbale pachulu, osagwada. Adya zonse, anyambita zala. Kenako anyamula uta, autembenuzatembenuza, ayesa linya ndi chala.

"Tenza weniweni uyu. Munasankha bwino, mlamu."

Ndatola mbale.

Sindinawakhululukire, ndipo asayese kuganiza choncho. Koma mawa ndiwapititsiranso chakudya, ndi mkuja, mpaka chimanga chikhwime. Buluku ndalichapa, amayi alibwezera m'sutukesi. Mkono ukadali wotupa.

Nkhani imeneyi yathera pano. Sindiitchulanso, kwa munthu kapena papepala. Wondifunsa za uta ndizimuyankha za mvula.