Majuzi a Malume

Lolemba, kuchiyambi kwa Seputembala, 1976. Ndimasita yunifolomu ya mawa, koma ndaika simbi pansi kuti ndilembe izi. Lokeshoni yathu yonse ya Kambuzuma ikuti ndinali ndi mimba. Ine! Ine amene mnyamata akandipatsa moni ndimayankha zala zanga zakumapazi.

Zinayamba ndi ulendo wa pa holide. Malume, mchimwene wa amayi, amaphika ku hotela ya azungu ya pa akasupe a madzi otentha, cha kumapiri a Melsetter, ndipo anandiitana kuti ndikacheze. Amayi atangomva zoti mapiri, anakumbukira kwawo ku Dedza.

"Kumapiri kumazizira mpaka mano amagundana," anatero.

Abambo anati, "Si akuti madzi amatuluka pansi ali owira?"

"Ndiye mwanayu akavala madziwo?"

Amayi anali atalukira malume majuzi awiri, n'kuwagulira thalauzi. Koma kumeneko ndi kumalire, ndipo chifukwa cha nkhondoyi asilikali amasecha katundu pamsewu, moti ukapezeka ndi zovala zachimuna amati ukukapatsa anyamata a kutchire olimbana ndi boma. Amayi anaganiza pang'ono, kenako anandiyang'ana ine. "Sutikesi amatsegula, koma mwana wasukulu samuvula."

Anandiveka juzi yoyamba. Thalauzi anaikulunga pamimba n'kuimanga ndi mpango. Pamwamba juzi yachiwiri, kenako diresi lawo (langa linakana kutsekeka), kenako jasi. Ndinkayenda ngati bakha.

Ku Musika, pokwerera basi, tinakumana ndi amake Rute, oyandikana nafe nyumba, akuluakulu a Mvano, amene amagulitsa tomato kumeneko. Anandiyang'ana kuchokera kumutu, maso n'kuima pakati.

"Anzanga, mwanayu mukumutumiza kuti?"

Amayi, poopa akazitape, ananong'ona. "Kwa malume ake, kutali. Musauze munthu."

Kwathu kuno mtsikana wotumizidwa kutali mwakachetechete amadziwika chimene wachita. Ine zimenezo sindinaziganize n'komwe (ndinkangoganiza za kuyabwa kwa ulusi).

M'basi kondakitala anadzutsa mwamuna wina n'kundiuza m'Chishona kuti, "Garai apa, amai." Ndinakhala, ndikuyesa kuti ndi ulemu chabe. Pa rodibuloko msilikali anatsegula sutikesi yanga, anandiyang'ana, anapukusa mutu n'kupitirira. Ndiye basi inayamba kutsika. Malowo sali paphiri ayi, ali m'tsinde mwake, m'chigwa cha milambe chotentha ngati uvuni. Thukuta linatsikira mpaka m'masokosi, koma kuvula jasi pamaso pa anthu ndinkaona ngati bola kufa.

Akazi a malume atandiona anaika manja kumutu. "Mayo ine! Alamu atitumizira chiyani?"

Anandilowetsa kuchipinda, ndipo ndinayamba kusendeka ngati anyezi. Thalauzi itagwa pansi anaseka mpaka kukhala pa simenti. Malume ananyamula juzi ndi zala ziwiri. "Juzi? Kuno? Mlongo wanga akufuna ndipse?" Anaisandutsa pilo. Ine ndinasamba m'madzi ofunda aja, kumunsi komwe amasamba antchito, ndikuti nkhani yathera pomwepo.

Dzulo ndabwera, wowonda ngati kale. Pageti ndapeza amake Rute. Anandiyang'ananso pakati paja, n'kugwira pakamwa.

"Iii! Nanga mwana mwamusiya kuti?"

Sutikesi inandipulumuka. Ndiye ndamva zonse: ku Mvano anandipempherera kale, Rute amuletsa kuyenda nane, ndipo wina wakauza ahedi, amene saloleza wotere kulowanso m'kalasi. Amayi akungolira. Sangathe kunena zoona, chifukwa mawu oti tinazembetsa zovala zachimuna kupita kumalire akafika kupolisi, manyazi adzakhala aang'ono. Abambo angoti, "Ndinanena ine kuti kumatentha," ndipo amayi awaponyera chipande.

Ndaphunzira kuti munthu akati kumapiri, uzifunsa ngati ndi pamwamba kapena pansi. Koma zimenezo sizindibwezera dzina.

Mawa, belu lisanalire, ndikagogoda kwa amake Rute. Iwo ndi amene amalangiza atsikana a mpingo, thupi la wobereka amalidziwa. Ndikagwada, ndikawapempha atseke chitseko andione okha. Ndikungoganiza apa nkhope yatentha kale. Koma m'Kambuzuma muno palibe wina amene angafikitse nkhani khomo lililonse dzuwa lisanafike pamutu.