Chipewa cha a Basil ndi Thirakitala Yokana Kulira

Pachilumba chonse cha Likoma panalibe munthu amene a Basil ankamuvulira chipewa. M'tchalitchi ankavula, inde, chifukwa mwini nyumbayo si munthu. Koma kunja kuno, kaya ndinu wansembe, kaya bwana wotsika m'sitima, ankakupatsani moni chipewa chili pamutu ngati chinamera pomwepo. Chimene ankachivulira chinali thirakitala basi.

Ndikunena kathirakitala kofiira ka gulu la amalonda a pa Chipyela, kokoka ngolo ya katundu kuchokera kudoko. Alamu angawa, amuna a achemwali anga a Keziah, anakayendetsa zaka khumi ndi zinayi. M'mawa uliwonse ankaima pambali pake, n'kuvula chipewa chokhuthala chija anabwera nacho kuchokera ku mafamu a ku Zimbabwe, n'kuchipinda pawiri, n'kuchiika pampando, n'kuchikhalira. Akatero m'pamene ankapotokola kiyi.

Wansembe wina anawafunsa tsiku lina. "A Basil, ine simundivulira chipewa, koma chitsulo mumachivulira?"

"Bambo, inu mukakwiya mumakhululuka. Ichi ayi."

Ine ndinkawaseka kuposa wina aliyense, poti mlamu ndi wosereula naye. Tsiku lina la sitima ndinawabisira chipewacho m'dengu la usipa. Matumba a ufa ali mbwee pamchenga, iwo angoima pambali pa thirakitala, mpala ikunyezimira.

"Kwerani, alamu, dzuwa silikuphani," ndinatero.

"Popanda chipewa sindikwera."

Sanakweredi. Amayi a pachilumba anasenza ufa pamutu mpaka masana, ndipo atadziwa kuti wabisa ndine, ananditukwana mpaka agogo anga amene anagona kalekale. Ndinabweza chipewacho chikununkha usipa, alamu n'kuchilandira, n'kuchipinda pawiri, n'kuchikhalira.

Thirakitala ikakana kulira, a Basil sankathamanga. Ankaifufuza mwandondomeko ngati akutsogolera mapemphero a m'mawa: batire kaye, kenako mawaya ake, kenako mafyuzi, kenako giya. Munthu akawalangiza ankayambiranso pa batire, kuti amukhaulitse. Lamulo lawo lalikulu linali limodzi: wina asayerekeze kuliza injini ataimirira pansi, pogunditsa sipanala pa sitata. A Mclean, amakanika wa injini za maboti, anayesapo kamodzi. A Basil anawamenya dzanja ndi kamtengo ngati mwana wa sukulu, munthu wa zidzukulu zake.

A Basil anatisiya mwezi wa Juni chaka chatha, atadwala sabata ziwiri zokha. Asanatsirizike anauza achemwali anga chinthu chimodzi. "Ndanyamula ufa wa chilumba chino, simenti yake, ndi maliro ake. Musandisenze pamapewa. Indinyamule thirakitala yomweyo." A Keziah analonjeza.

M'mawa wa maliro thirakitala inali pabwalo pawo ku Yofu, pamene anaiimika tsiku lomaliza kugwira ntchito. Mwambo unali wa teni koloko kutchalitchi chachikulu ku Chipyela, ndipo wansembe anali ndi ulendo wa boti wopita ku Chizumulu masana. Tinakweza bokosi m'ngolo, amayi akuimba. A Mclean anakhala pampando n'kupotokola kiyi. Timagetsi tinayaka, koma injini inangoti zii.

Anatsika. Anapala zoyera zija zimamera pamitu ya batire, n'kumanganso mawaya zolimba. Palibe. Anatulutsa mafyuzi limodzilimodzi n'kuwayang'ana padzuwa, onse abwinobwino. Anagwedeza giya kuti ikhale pakati, anaponda kilachi mpaka pansi, anagogoda sitata ndi sipanala. Amayi anamaliza nyimbo yachitatu n'kuyamba yachinayi, maso ali kwa ife. Amuna ena anali atayamba kale kupinda manja a malaya kuti asenze bokosi.

"Njira yatsala imodzi," a Mclean anandinong'oneza. "Ndigunditse sipanala pa sitata. Mwini lamulo uja sationa."

Achemwali anga anamva. Anadzuka pamphasa, amayi awiri atawagwira m'mikono.

"A Mclean, ikani sipanala pansi."

"Mayi, nthawi yatha."

"Kufamu kuja amuna anga anali ndi mnzawo, Frederick wa ku Mbungo. Anachita zomwe mukufunazo, thirakitala ili m'giya. Inamuponda amuna anga akuona, ndipo anamunyamula okha m'manja. Chipewa chija chinali cha Frederick. Tsegulani bokosi."

Ine ndinakana. Bokosi likakhomedwa lakhomedwa, ndipo abale a malemu anali pomwepo. "Achemwali, anthu atiti chiyani?"

"Inu munabisapo chipewachi kamodzi, achimwene. Lero musandibisirenso."

Ndinachita manyazi aakulu, ndipo ndinazula misomali ndine ndemwe. Chipewacho chinali pachifuwa pa alamu, pamene a Keziah anachiika m'mawa womwewo. Anachitenga okha, anawasisita alamu pamphumi, n'kuchipinda pawiri monga ankachitira mwiniwake. Anachiika pampando. A Mclean anachikhalira mwaulemu ngati akukhalira mazira, n'kupotokola kiyi. Injini inatsokomola kawiri n'kulira.

Amayi ena anagwada. A Mclean, poti ndi amakanika, anapisa dzanja pansi pa mpando n'kupeza kasiwichi kamene kamaletsa injini kulira ngati palibe wokhalapo. Mpandowo unali utaphwa pakati, sunkafikanso pa kasiwichiko. Chipewa chopinda ndicho chinkadzaza dzenjelo. A Basil akanatha kudula mawaya a siwichiyo n'kuwalumikiza zaka zambiri zapitazo, ntchito ya mphindi ziwiri, koma analola kuti chilumba chonse chiziwaseka.

"Ngakhale thumba la ufa likanagwira ntchito," a Mclean anandiuza motsitsa mawu.

"Yendetsani, bambo," ndinatero. Ndinali nditayamba kulira.

Tinafika ku Chipyela belu likulira komaliza, thirakitala patsogolo, anthu pambuyo m'fumbi. A Basil analowa m'manda opanda chipewa. A Keziah anati chikhale pa thirakitala, poti kumeneko ndiko kuli ntchito yake.

Masiku ano sitima ikafika, kudoko kuli phokoso lomwe lija, koma palibe woti ndimusereule. A Mclean ndiwo amayendetsa. Gulu linagula mpando watsopano, koma ukadali m'pepala lake kusitolo, ndipo palibe amene wafunsa kuti uikidwa liti. M'mawa a Mclean amapinda chipewa chija n'kuchikhalira, ndipo munthu akayandikira sitata ndi sipanala amamukalipira ndi mawu amene sindinkadziwa kuti ali nawo. Alamu anga ndimawasowa kwambiri, makamaka masiku a sitima.

Sabata yatha thirakitala inandipeza pamsika itadzaza simenti. Ndinapatuka, ndipo itadutsa ndinazindikira kuti kapusi yanga ili m'manja. Mayi wina wogulitsa chinangwa, mmodzi mwa amene anasenza ufa tsiku lija, anandiyang'ana.

"Nanunso mwayamba kuvulira zitsulo?"

"Ndayamba," ndinatero, ndipo sindinavale mpaka inakhota.