A Fabiano Olawa Petulo

Inu amene munabwera pa esiteti pano ndege itasiya kale kuvuta, palibe chomwe munaona. Kunali munthu kuno, a Fabiano, amene ankakonza injini ndi lilime. Sindikuphiphiritsa ayi, ndikunena lilime lomweli la m'kamwa. Amakaniko anzawo ankayenda ndi sipanala m'thumba, iwo ankayenda ndi supuni yomangirira chingwe m'khosi ngati mendulo ya ku mishoni. Lole ikakana kulira, ankalawa. Ndege ikakana, ankalawa. Ndikhulupirira kuti akanapeza mkazi wawo Salome atakomoka, akanayamba amunyambita kaye chigongono asanaitane anthu.

Matendawa anawatengera ku fakitale. Paja kumeneko kuli mzungu amene ntchito yake ndi kulawa tiyi basi. Amandandalika timakapu, kutunga ndi supuni, fwuuu, kuchukucha m'kamwa, kuyang'ana kudenga, kenako thu m'chitini, ndipo ngakhale manijala amamuopa. A Fabiano, pamenepo ali opaka girizi m'makina opota masamba, ankasuzumira pazenera tsiku ndi tsiku mpaka anagamula kuti ukulu wonse wa padziko lino uli m'kulavula. Ine Vailet ndinkatola timitengo m'tiyi m'chipinda choyandikana, ndipo ndinkawaona ndi maso angawa akuyeserera ndi madzi a mumgolo.

Chaka cha dzombe chija, manijala wathu, amene tinkamutcha Bwana Nkhukundembo chifukwa cha khosi lake lofiira, anagula kandege ka mipando iwiri, kansalu ndi timatabwa, nalambulitsa bwalo kuseri kwa fakitale. Patapita masiku atatu kunagwa chiperoni, ndipo m'mawa mwake kandegeko kanangoti zii. Sikankalira ndi kiyi. Munthu ankaima kutsogolo n'kukoka pulopela, chithabwa chozungulira chija, ndi manja. Bwana anakoka, anakoka, khosi lija linachita kutupa, ndege ingotsokomola kamodzi n'kukhala chete. A Fabiano anatuluka m'gulu lathu chipewa chili kumanja.

"Bwana, ndilaweko."

"Ulawe chiyani iwe?"

"Chakudya chake, bwana. Mwana akakana kuyamwa timayamba taona bere."

Anatsegula kampopi ka pansi pa injini, nadontheza petulo m'supuni. Fwuuu, chukuchuku, maso kumwamba, thu.

"Muli madzi, bwana. Osati ambiri. A dzulo."

Anakhetsa thanki, anathira wina, ndipo ndege inalira pokoka koyamba. Choipa chake n'chimenecho, kuti analondola. Sabata lisanathe anapatsidwa ovololo yatsopano ndi nyumba ya njerwa yamalata pafupi ndi bwalo, ya zipinda ziwiri, chitseko cha loko. Nyumba imeneyo inali italonjezedwa kwa amuna anga a Blackson, dalaivala wa lole, ndipo ife tinali ku malayini a antchito ndi ana anayi m'kanyumba kaudzu komwe mvula inkagwa kawiri, kunja ndi m'kati. Ndisabise, ndinadana nawo a Fabiano kuyambira tsiku limenelo. Salome akamadutsa akugwedeza kiyi wake pachingwe ndinkamva ngati ndameza munga wa nsomba.

Basi munthu uja anakhwima. Ndege ikavuta, ife a m'fakitale tinkathawa ntchito kukaonerera, ngakhale kapitawo ankabwera. A Fabiano ankayamba ndi petulo. Akakhala wabwino, ankamasula mapulagi n'kuwanyambita limodzilimodzi ngati mwana ndi fupa la nkhuku.

"Ili lanyowa, bwana. Mwaimwetsa kwambiri, yakhuta, yaledzera. Zimitsani, tiizungulize cham'mbuyo kasanu ndi katatu isanze."

Kenako ankakaumitsa mapulagiwo pachitsulo chotentha cha bayila wa ku fakitale, n'kuwabweretsa akuwapepesa m'Chilomwe. Kunena zoona ndege inkalira. Koma kuyenda kwawo pobwerera, mimba patsogolo, milomo yakuda ndi mwaye ngati galu wakuba m'mphika, kunkandiwawa mpaka m'mafupa. Ku tchalitchi ankakhala okha pabenchi chifukwa akayasamula poimba ankanunkha ngati galaja. Osuta fodya ankawapatukira njira, ati munthuyu angaphulike.

Tsiku lina petulo anali wabwino, mapulagi ouma, ndege zii. Chinatsala ndi magineto, kabokosi komwe kamatulutsa moto wopita ku mapulagi. Munthu wamutu wake amayandikiza waya ku chitsulo n'kuona ngati pathetheka. A Fabiano ayi. Anatulutsa lilime lonse, nasanjikapo waya, n'kukodola a Blackson kuti azungulize pang'ono.

"Pang'onotu, achimwene."

"Pang'ono zedi, musadandaule."

Amuna anga anakoka chithabwacho ndi mphamvu zonse za ana anayi onyowa. Ndinaona a Fabiano akunyamuka pansi miyendo yonse iwiri, supuni ili m'mwamba, n'kukagwera chagada m'ngalande. Tinaseka mpaka ena anakhala pansi. Ine ndinalira misozi. Iwo anakwawa, naimirira, ovololo itanyowa kutsogolo, ndipo sikunali kunyowa kwa m'ngalande.

"Moto ulipo, bwana," anatero lilime likulendewera. "Wambiri."

Bwana anaseka mpaka kugwira phiko la ndege, ndipo kuyambira pamenepo a Fabiano anasanduka gule wake. Lamulungu lililonse kukabwera azungu a maesiteti ena, ankawaitanitsa pakhonde. Ankandandalika timakapu ngati ku fakitale, umu petulo, umu parafini, umu oyilo, umu zosakaniza, ndipo iwo ankalawa n'kutchula osaphonya. Tsiku lina munali mkodzo wa bulu. Anachukucha nthawi yaitali, nayang'ana kudenga, nati, "Uyu si wa ndege, bwana, koma injini yake ndi yamphamvu." Madona anakomoka ndi phwete. Madzulo ake anafika ku malayini akudzitama kuti adya ndi azungu.

"Mwadya chiyani, bambo a Alesi?" ndinawafunsa.

"Inu a Vailet simungamve. Izi n'za anthu a ntchito zapamwamba."

Pakadafunda padajiwitsa galu. Zaka zisanu za petulo zinayamba kuoneka. Nkhama zinada, manja ankanjenjemera, supuni inkagunda mano. Pakhonde paja anayamba kuzengereza, ndipo ndinamva kwa kuku wophikira bwana kuti asanalawe ankasuzumira kaye mtundu wa zomwe zili m'kapu. Ine mtima unati pha. Tsiku lina akudutsa ndinawaitana.

"Bambo a Alesi, kapu ya tiyi iyi. Kukuzizira."

Ndinali nditathiramo mchere wodzaza dzanja, woti mbuzi ikanathawa. Anamwa yonse, napukuta pakamwa.

"Shuga wake mwakwaniritsa, a Vailet. Salome amaumira."

Lilime linali litafa. Lisanalowe dzuwa, malayini onse anali atamva, ndipo anamva kwa ine. Palibe anakauza bwana. Tinkafuna tidzaone tokha, tonse tili pomwepo.

Tsikulo linafika mu Febuluwale. Mvula inagwa masiku anayi, mlatho wa panjira ya ku Limbe unakokoloka, ndipo kamwana ka bwana, kamtsikana ka zaka ziwiri, kanagwidwa malungo oumitsa khosi. Kutangoyera pang'ono dona, mkazi wa bwana, anakwera kumpando wakutsogolo atakafukata m'bulangete. Ndege inalira, n'kuzima. Inaliranso, n'kuzima. Anakhetsa thanki yonse. Tsono petulo wotsala anali m'migolo iwiri, ndipo yonse inagona pamvula.

"Fabiano, uti wabwino? Fulumira."

Esiteti yonse inali pamenepo. Tinkagwirana m'nthiti, ena atayamba kale kuseka. A Fabiano anapopa wa pansi pa mgolo woyamba, fwuuu, chukuchuku, thu. Wachiwiri chimodzimodzi. Anabwereza. Anabwerezanso kachitatu, petulo akuyenderera pachibwano. Akanatha kungoloza umodzi. Ine ndikanaloza, ndipo nonsenu mukanaloza, chifukwa kulakwa kwake kukanaoneka ndege ili kale pamwamba pa mitengo, ndipo ndani akanadziwa. Anayang'ana nyumba ija, pomwe Salome anaima pakhomo ndi mwana wawo Alesi. Kenako anayang'ana bulangete lija.

"Sindikumva, bwana."

"Ukuti chiyani?"

"Lilime lafa. Chaka chatha tsopano. Yonse iwiri ikungokhala ngati madzi a pachitsime. Musandifunse ine, mungagwe nako kamwanako."

Ndinkayembekeza kuti ndiseka kwambiri. Ena anasekadi. Koma a Blackson anali atatulukira kale ndi botolo loyera lomwe anasunga m'lole miyezi yonseyi kudikira tsiku lomweli. Anathiramo wa mgolo woyamba, naliimika pamwala, ndipo madzi anakhazikika pansi, petulo pamwamba, mzere wake woti ngakhale wakhungu akanauona. Wa mgolo wachiwiri unali woyera. Anathira, anakoka, ndege inapita, ndipo kamwanako kanachira.

Bwana anabwerako patatha masiku atatu, ndipo a Fabiano anakamudikirira pabwalo. Ine ndinali pafupi, ndikunamizira kutola nkhuni.

"Bwana, ndifunse. Za botolozi munkazidziwa?"

"Aliyense woyendetsa ndege amadziwa. Ndinangoiwala tsiku loyamba lija."

"Nanga zaka zonsezi?"

"Botolo siliseketsa alendo, Fabiano. Kiyi umupatse Blackson Loweruka."

A Fabiano anavala chipewa, natembenuka, nayenda bwinobwino ngati munthu amene wauzidwa kuti kunja kwacha. Loweruka Salome ndiye anabweretsa kiyi. Anandipatsa m'manja, nandiyang'ana, nati, "Chitseko chimalimba nthawi ya mvula, muzikankha ndi bondo." Akanandilalatira bwenzi ndikugona tulo mpaka lero. Anasenza mphasa ndi miphika kupita kwawo ku Khwethemule, a Fabiano ali pambuyo ndi mwana, ovololo atabweza ku sitolo.

A Fabiano sanathe mvula ziwiri. Omwe anawaona akuti anauma ngati chiputu, manja osagwira khasu, ndipo ankangokhala pamthunzi. Ndege yathu ikamadutsa ankatchera khutu n'kunena kuti pulagi lachitatu likudumpha, ndipo a Blackson akamasula ankapezadi ndi lomwelo. Ku maliro tinapita anthu asanu ndi mmodzi. Bwana anatumiza paketi ya tiyi.

Pano ndege imalira tsiku lililonse. A Blackson amaimika botolo, kuyang'ana, kukoka, basi yapita, ndipo palibe amene amasiya ntchito kuti akaone. Lamulungu pakhonde pa bwana pali zii, ku tchalitchi benchi lija anthu amakhalapo. Nyumbayi ndi yabwino, sindiname, sidontha ngakhale pang'ono. Koma kuseri kwake, pafupi ndi mulu wa nkhuni, pali kamalo kakuda kozungulira ngati lichero. Salome anandiuza pa maliro paja kuti chaka chonse chomaliza m'nyumba muno, a Fabiano akaweruka ankakhala pamenepo ndi timakapu tawo kuyesa ngati lilime ladzuka, kulawa n'kulavula, kulawa n'kulavula, mpaka kusanza. Tsiku lomwe ndinawapatsa tiyi uja anafika akusangalala, ati lero ndamva shuga, lilime layamba kubwerera.

Ndabzalapo mpiru katatu pamalopo, sumera. Amuna anga akuti tikumbe dothilo tikataye kumtsinje. Ndawauza kuti akadzalikhudza ndi khasu adzagone m'lole.